Mpesa Ukasemphana ndi Nyengo: Kuthetsa Mavuto Obwerezabwereza m'Minda ya Mphesa za Vinyo ku Dedza ndi ku Ntcheu

Madandaulo a olima mphesa za vinyo kuno amafanana chaka ndi chaka: maso sakuphukira pamodzi, maluwa ayoyoka, mphesa zaola mu Febuluwale zisanatsekemere. Ambiri amathamangira kukagula mankhwala, koma gwero la mavutowa nthawi zambiri ndi tsiku limene mpesa unaduliridwa. Mitundu yodziwika ya mphesa za vinyo inazolowera madera amene chisanu chimaigoneka tulo, kenako zipatso zimapsa kunja kuli gwaa. Ku Cape, ku South Africa, mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo amakolola kuyambira Januwale mpaka Epulo popanda mvula yambiri. Kuno zili mosemphana, chifukwa miyezi yomweyo ndiyo pakati pa dzinja. Choncho kalendala ya mpesa kuno imalembedwa ndi amene wagwira chodulira, ndipo akalakwitsa sabata zitatu zokha munda wonse umalipira.

Kuwerenga masiku musanayambe kufufuza vuto

Mpesa sukula kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10. Ukadzuka umayenda motere, ngakhale kuti kuzizira kumatalikitsa gawo lililonse ndipo kutentha kumalifupikitsa:

- kudulira mpaka maso kuphukira: sabata 2 mpaka 4
- kuphukira mpaka maluwa: sabata 6 mpaka 9
- maluwa mpaka mphesa kuyamba kufewa ndi kusintha mtundu: sabata 6 mpaka 8
- kufewa mpaka kukolola: sabata 5 mpaka 8

Mukawonkhetsa mupeza sabata 19 mpaka 29, ndiye kuti pafupifupi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Wodulira mkati mwa Ogasiti ndiye kuti wadzisankhira kukolola mu Januwale kapena Febuluwale.

Mitundu imasiyananso. Chardonnay ndi Pinot Noir zimaphukira msanga n'kupsanso msanga. Chenin Blanc imafulumira kuphukira koma imatenga nthawi kuti ipse. Sauvignon Blanc imachedwa kuphukira koma sichedwa kupsa. Syrah ili pakatikati, pamene Cabernet Sauvignon imachedwa mbali zonse ziwiri.

Malo nawo ali ndi mawu ake. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Bembeke, Lizulu ndi Tsangano n'kozizira chimodzimodzi. Mukatsetsereka kupita ku Golomoti, Mtakataka kapena m'chigwa cha Bwanje mwalowa dziko lina. Pachikani chopimira kutentha pamthunzi m'munda, muzilemba kutentha kwapamwamba ndi kwapansi tsiku lililonse. Phatikizani manambala awiriwo, gawani pawiri, chotsani 10, ndipo chotsalacho chikuonetsani kutentha kumene kwakulitsa mpesa tsikulo. Tsiku la madigiri 20 masana ndi 9 usiku likupatsani 4.5, pamene la 27 ndi 16 likupatsani 11.5. Apa muona chifukwa chake sabata imodzi ya Okutobala imayendetsa mpesa kuposa sabata ziwiri za Julayi.

Chizindikiro 1: Maso akuphukira mwapatalipatali, kapena a kunsonga okha

Zoyambitsa, kuyambira imene imapezeka kawirikawiri:

1. Nthambi zasiyidwa zazitali kwambiri. Kumalo kosazizira mokwanira maso awiri kapena atatu a kunsonga amadzuka koyamba n'kupondereza a m'munsi. Onani ngati pakati pa nthambi pali mpata wopanda mphukira. Syrah, Cabernet Sauvignon ndi Chenin Blanc zidulireni kusiya maso awiri pa chitsa chilichonse. Ngati mtundu wanu umafuna nthambi yaitali ya maso 8 mpaka 10, ipindeni ngati uta, nsonga iloze pansi, n'kuimanga pa waya.
2. Mpesa sunapume. Kumunsi kotentha, makamaka pamene pakuthiriridwa chaka chonse, masamba sathothoka okha. Lekani kuthirira kwa sabata 4 mpaka 6 musanadulire, budulani masamba otsala ndi manja tsiku lodulira, kenako thirirani mokhathamira kamodzi kuti maso adzukire pamodzi.
3. Dothi louma pa nthawi yophukira. Mu Ogasiti ndi Sepitembala nthaka imakhala yopanda chinyontho. Kumbani masentimita 30 pambali pa tsinde, fumbatani dothi. Likamwazika mukatambasula dzanja, thirirani.
4. Nthambi zosakhwima. Nthambi yabwino imakhala yabulauni mpaka kunsonga, yonenepa ngati pensulo. Yobiriwira, yaphwanthiphwanthi kapena yofewa mkati inachokera ku mpesa umene unathothoka masamba msanga ndi matenda m'dzinja lapitalo.
5. Maso anafa. Dulani maso 20 mopingasa ndi lumo. Wamoyo amakhala wobiriwira mkati, wakufa amakhala wabulauni kapena wakuda. Akufa akapitirira anayi mwa 20, siyani maso owonjezera podulira. Syrah yonenepetsa komanso yokhala pamthunzi imakonda kufa kadiso kapakati ka mkati mwa diso.

Chenjezo: kuli mankhwala odzutsira maso otchedwa hydrogen cyanamide, amene amagulitsidwa pa dzina la Dormex. Amagwiradi ntchito, koma ndi poizoni woopsa, amawotcha khungu, ndipo munthu amene wawagwira akamwa mowa amadwala kwambiri. Musawayese nokha popanda mlangizi ndi zovala zodzitetezera.

Chizindikiro 2: Mphukira zanthete zada ndi kufota m'mawa umodzi

Zikachitika mu Juni, Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti kumtunda, makamaka usiku kutagona kopanda mitambo ndi mphepo, n'chisanu. Mphukira zobiriwira zimafa kutentha kukatsika digiri imodzi kapena awiri pansi pa ziro. Mudzazindikira chifukwa mizere ya kumunsi, ya kufupi ndi dambo, ndiyo imapsa kwambiri, pamene ya pachitunda imapulumuka. Mpweya wozizira umatsetsereka n'kukakhazikika pamalo otsika.

Zochita:

- Mitundu yophukira msanga, Chardonnay, Pinot Noir ndi Chenin Blanc, idulireni pomaliza. Kuchedwetsa kudulira kumachedwetsa kuphukira ndi sabata imodzi kapena ziwiri.
- Dulirani kawiri: poyamba siyani nthambi za maso 6 mpaka 8, chisanu chikadutsa fupikitsani kufika pa maso awiri. A kunsonga ndiwo amapsa, a m'munsi amakhala akadali m'tulo.
- Chotsani udzu wophimbira pansi m'miyezi imeneyi. Dothi losaphimbira, lolimba ndi lachinyontho limasunga kutentha kwa masana n'kukutulutsa usiku. Mudzabwezera udzuwo mu Sepitembala.
- Tsegulani mpata kumunsi kwa mpanda wa maluwa kapena wa udzu kuti mpweya wozizira uzituluka.

Zikapsa musadule tsinde. Diso lililonse lili ndi timaso tina tiwiri tosungira, timaphukira pakapita sabata ziwiri kapena zitatu, ngakhale zipatso zake zimachepa.

Ngati kunalibe chisanu, yang'anani mphepo ya mwera imene imathyola mphukira zosamangidwa, kenako mankhwala ophera udzu ouluka kuchokera m'munda woyandikana nawo. Mpesa supirira 2,4-D ngakhale pang'ono: masamba amapotana n'kukhala opyapyala, mitsempha yake itathinana.

Chizindikiro 3: Masamba ali bii, koma matsango palibe

Matsango a chaka chino anapangidwa mkati mwa diso nyengo yathayo, pa nthawi imene nthambi inali kukula. Diso limene linakulira mumthunzi kapena m'masabata a mitambo limabala tizingwe togwirira m'malo mwa tsango. Zoyambitsa:

1. Mthunzi wa masamba ake omwe. Patulirani mphukira zikadali masentimita 15, zitalikirane ngati chikhatho chimodzi.
2. Feteleza wa nayitirojeni wochuluka. Izi zimachitika kwambiri pamene mpesa wabzalidwa m'dimba momwe mumathiridwa yureya ndi manyowa a nkhuku chifukwa cha kabichi kapena mbatata ya kachewere. Nthambi zimatalika kupitirira mamita awiri, mfundo zake zili patalipatali. Lekani nayitirojeni kwa nyengo yathunthu.
3. Kudulira kosayenera mtundu. Thompson Seedless sibereka pa maso a m'munsi, ndiye mukaifupikitsa kufika pa maso awiri mwataya zipatso zonse.
4. Mpesa ukadali mwana. Chaka choyamba ndi chachiwiri n'zomanga tsinde ndi mikono, zipatso zenizeni zimayamba chaka chachitatu.

Chizindikiro 4: Maluwa akuyoyoka, kapena tsango lili ndi mphesa zazikulu ndi tating'ono

Maluwa a mpesa amafuna masiku owala, a madigiri 20 mpaka 25 kapena kupitirirako pang'ono. Kukazizira pansi pa 15, kapena mvula ndi nkhungu zikakhala masiku angapo, mungu suyenda bwino. Kumtunda izi zimagwera amene anafulumira kudulira mu Meyi kapena Juni, maluwa n'kutulukira mu Ogasiti. Kumunsi vuto ndi kutentha kopitirira madigiri 35 pamodzi ndi ludzu mu Okutobala, ndipo mankhwala ake ndi madzi: sabata ziwiri maluwa asanatuluke mpaka mphesa zitafika kukula kwa nsawawa, dothi lisaume.

Merlot, Grenache ndi Malbec zimayoyoka msanga kuposa mitundu ina. Pa mpesa wonenepa, kutsina nsonga za mphukira maluwa akangoyamba kumathandiza kuti chakudya chipite ku tsango. Vutoli likamabwera chaka chilichonse ngakhale nyengo ili bwino, ganizirani za kuchepa kwa boroni kapena zinki, koma pimitsani dothi ndi masamba kaye. Boroni akangopitirira pang'ono amawotcha mpesa.

Chizindikiro 5: Mphesa zikung'aluka ndi kuola zisanatsekemere

Ili ndilo vuto lalikulu kuno, ndipo kupopera mankhwala pakokha sikungalithetse. Mphesa ikafewa khungu lake limaleka kutamuka. Mvula ikagwa motsatizana mizu imakoka madzi ambiri, khungu limang'ambika, ndipo mavu, njuchi ndi tintchentche timalowa. Pakapita masiku ochepa tsango limanunkha ngati viniga kapena limamera nkhungu yotuwa ya Botrytis. Chenin Blanc, Pinot Noir ndi Sauvignon Blanc, zimene matsango ake ndi othinana, zimayamba kugwa. Cabernet Sauvignon ili ndi khungu lolimba ndi tsango lotayana, koma imachedwa kupsa, ndiye imakhalitsa pamvula.

Choyambitsa choyamba ndi kalendala. Pali njira ziwiri zochotsera nthawi yakupsa pakati pa dzinja.

*Kukokera kutsogolo.* Dulirani msanga ndi kuthirira kuti mukolole mvula isanakhazikike. Kumunsi kotentha, kudulira mu Meyi kapena Juni kumabweretsa zokolola mu Okutobala kapena Novembala. Kumtunda njirayi ndi yothina: kudulira mkati mwa Julayi pa mitundu yofulumira kungakufikitseni mu Disembala, koma muli pakati pa chisanu kumbuyo ndi mvula kutsogolo. Popanda madzi othirira odalirika kuyambira Julayi mpaka Novembala musaiyambe.

*Kudulira kawiri pachaka.* Njirayi ndi imene olima vinyo a ku Minas Gerais, ku Brazil, amagwiritsa ntchito, kumenenso mvula imagwa m'miyezi yofanana ndi yathu, ndipo Syrah ndiyo yawachitira bwino. Amadulira koyamba cha mu Ogasiti kapena Sepitembala n'kuchotsa matsango onse, cholinga chikhale kukulitsa nthambi zokha. Amadzaduliranso pakati pa Januwale ndi Malichi, ndipo mphesa zimapsa m'miyezi youma ya Juni mpaka Ogasiti, masana kuli dzuwa usiku kuli kozizira. Vinyo wake amakhala wamtundu wabwino. Mtengo wake ndi woti mphukira ndi maluwa zimakulira pakati pa mvula, ndiye kupopera kumachuluka. Palinso china: minda ya kumeneko ili pamtunda wotsikirapo kuyerekeza ndi Dedza. Ku Bembeke kapena Tsangano, kudulira mu Malichi kungasiye mphesa zikuyembekezera kutentha mu Julayi. Kumeneko yesani kumayambiriro kwa Januwale. Malo apakatikati, monga ozungulira Ntcheu boma, ndiwo akuoneka oyenerera kwambiri. Yesani pa mizere iwiri kaye, mulembe masiku, musatembenuze munda wonse chaka chimodzi.

Ku Dodoma, ku Tanzania, amakolola kawiri pachaka, koma kumeneko n'kouma kuposa kuno. Kumtunda kwathu kukakamiza zokolola ziwiri kumafooketsa mpesa.

Zoyambitsa zina, ngati kalendala ili bwino:

- Masamba othithikana kuzungulira matsango. Mphesa zikangogwira, budulani masamba awiri kapena atatu a m'munsi kumbali ya kum'mawa kuti mame aziuma msanga. Kumbali ya kumadzulo asiyeni, dzuwa la masana limawaula mphesa.
- Nthenda ya powdery mildew imene inagwira mphesa zikadali zazing'ono. Imaoneka ngati ufa wotuwa pamwamba pa masamba ndi pa zipatso, ndipo sifuna mvula, choncho imabwera ngakhale mu Sepitembala ndi Okutobala. Khungu logwidwa limauma n'kudzang'aluka mphesa ikamakula. Tetezani ndi salifa kuyambira mphukira zili masentimita 10, koma osapopera kukatentha kupitirira madigiri 30.
- Mbalame. Apumbwa amayamba mphesa zikangosintha mtundu, ndipo bala lililonse ndi khomo la kuola. Ukonde uikidwe mphesa zisanafewe.
- Madzi odikha. Kwezani mizere, tsegulani ngalande.

Ngati kuola kwayamba kale, dulani matsango owola tsiku lomwelo, muwakwirire kutali ndi munda. Mvula ikalosedwa sabata yonse ndipo shuga wafika 19 kapena 20 Brix (muyeso wa shuga m'madzi a mphesa), kololani. Mphesa zakuda zoterozo zimapanga vinyo wofiirira wopepuka wabwino ndithu, pamene zowola sizipanga kanthu.

Chizindikiro 6: Madontho achikasu onga a mafuta pa masamba, kenako masamba kuthothoka

Tembenuzani tsamba m'mawa. Mukaona ubweya woyera kunsi kwake, ndi downy mildew. Imayamba mvula ya mamilimita 10 kapena kuposa ikagwa, kutentha kuli pamwamba pa madigiri 10, ndipo masamba akhala onyowa pafupifupi tsiku lathunthu. Kuno zimenezi ndi za sabata iliyonse kuyambira Disembala mpaka Malichi. Nyengo imene chiwawu chikugwira tomato ndi kachewere, dziwani kuti mpesanso uli pangozi.

Mankhwala a kopa ndi mancozeb amateteza, sachiza, ndiye apoperedwe mvula isanagwe ndipo afike kunsi kwa masamba. Okhala ndi metalaxyl, monga Ridomil Gold, amagwira nthenda itangolowa, koma musawabwereze kambirimbiri pa nyengo imodzi chifukwa nthendayo imawazolowera. Werengani pa chikalata cha mankhwala masiku oyenera kudikira musanakolole. Masiku odikira a mancozeb ndi ambiri, choncho ndi mankhwala a kumayambiriro kwa nyengo.

Cholakwika chofala ndi kuleka kupopera mukangokolola. Masamba a Malichi ndi Epulo ndiwo amasunga chakudya m'tsinde ndi kukhwimitsa nthambi. Akathothoka msanga mudzakumana ndi chizindikiro choyamba chija mu Ogasiti.

Chizindikiro 7: Mphesa zaima, sizikutsekemera ndipo mtundu sukugwira

Musadalire lilime lokha. Tolani mphesa 100 m'mawa, kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa matsango a mizere yosiyanasiyana, finyani, pimani madziwo ndi chipangizo chopimira shuga, refractometer kapena hydrometer. Vinyo wofiira amafuna 22 mpaka 24 Brix, woyera 20 mpaka 22. Mvula ikagwa dikirani masiku awiri ouma musanapime. Shuga akakhala pamodzimodzi sabata ziwiri, fufuzani izi:

1. Zipatso zachuluka kuposa masamba. Mphukira iliyonse yobereka ikhale ndi masamba athanzi 12 mpaka 15. Mphukira yaifupi kuposa theka la mita isasenze tsango. Matsango otsalira m'mbuyo pa nthawi yosintha mtundu aduleni.
2. Kuzizira kwafika mphesa zisanathe. Izi ndi za mitundu yochedwa kumtunda. Palibe mankhwala ake kupatula kusuntha tsiku lodulira kapena kumezanitsa mtundu wofulumira pa tsinde lomwelo.
3. Mpesa ukukulabe nsonga chifukwa cha madzi ndi nayitirojeni. Chepetsani kuthirira mphesa zikayamba kufewa.
4. Kuchepa kwa potaziyamu: m'mphepete mwa masamba akale mumachita chikasu kapena kufiira, kenako kuuma.
5. Nthenda ya leafroll. Masamba a mitundu yakuda amafiira, mitsempha ikadali yobiriwira, m'mphepete mutapindikira pansi. Imafalitsidwa ndi tizilombo toyera tonga kodikodi komanso nthambi zobzala zodwala. Ilibe mankhwala, mpesa wodwala umazulidwa.

Kumunsi kotentha zimatembenuka. Shuga amakwera msanga mu Okutobala, kuwawasa kumatha, khungu limakhala lotuwa ndipo njere zikadali zobiriwira. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumalepheretsa mtundu kugwira. Siyani masamba ophimba matsango, kololani m'mamawa kusanatenthe, ndipo musadikire shuga wambiri. pH, muyeso umene umakwera kuwawasa kukamachepa, ikapitirira 3.6 vinyo amakhala wosachedwa kuwonongeka.

Vinyo akamanunkha ngati dzira lovunda, onani tsiku limene munapopera salifa komaliza. Pakhale sabata zosachepera zisanu musanakolole.

Pamene muyenera kuima n'kuitana akatswiri

Pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, amene angakulumikizeni ndi ofufuza a ku Bembeke, Chitedze kapena Bvumbwe, mukaona izi:

- mipesa ikufota ndi kufa motsatizana mu mzere, pamene madzi alipo ndipo chiswe mulibe
- mizu ili ndi timfundo kapena yaola
- mukadula mkono mopingasa mukupeza mbali yakuda yolowa mkati ngati chilembo cha V
- zotupa pa tsinde pafupi ndi nthaka
- mukuganizira leafroll ndipo mukufuna kutsimikiza musanazule
- nthenda ikupitirira mutapopera kawiri motsatira malangizo

Tengani tsamba, nthambi ndi muzu m'thumba la pepala, osati la pulasitiki, pamodzi ndi kope lanu la masiku odulira, mvula ndi mankhwala. Musalowetse nthambi zobzala kuchokera kunja kwa dziko popanda chilolezo cha boma, ngakhale zochokera kutsidya kwa msewu ku Mozambique, chifukwa umo ndi m'mene matenda a mpesa amayendera. Wopopera akamva chizungulire, nseru, kulephera kupuma kapena kuona mwachimbuuzi, avule zovala, asambe ndi sopo, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo atatenga botolo la mankhwalawo.